Chisakasa cha pa Sitima ya a Makaiko

Chaka cha 1992 mvula inadula mu Januwale, chimanga chisanamasule. M'chigwa chonse cha Domasi minda inatuwa, ndipo mumtsinje munatsala madzi a m'maenje okha. Chaka chimenecho, anthu onse maso ali kumwamba, a Lazaro Makaiko anayamba kumanga sitima ya pamadzi.

Sinali sitima yokwera munthu. Kutalika kwake kunali mapazi atatu basi, yokwana pa tebulo. Koma munthu akaitchula chidole, iwo ankaika mpeni pansi n'kumuyang'ana mpaka mwiniwakeyo atapepesa.

A Makaiko anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wa chipsera chopingasa pamphumi. Ankakhala m'mudzi wina wa kwa Malemia, kumtunda kwa Songani, ndi akazi awo a Enifa. Ana anali atakula n'kupita. Flora, woyamba kubadwa, anali pabanja ku Blantyre. Anthu ankawadziwa ngati mmisiri wa zitseko ndi mipando. Ochepa okha ankakumbukira kuti pa unyamata wawo anagwira ntchito kunyanja zaka khumi ndi chimodzi, pa sitima ya katundu yotchedwa Kakowa. Inali sitima yoyendera nkhuni. Ntchito yawo inali kuponya nkhunizo m'ng'anjo ya boyila, mosinthana ndi anzawo asanu.

Kakowa anaiphwasula mu 1958, itakalamba. Sabata yomaliza, ataikokera kumtunda kuti idikire anthu a nyundo, a Makaiko anagula mpukutu wa ulusi wosokera ukonde nayamba kuiyeza. Kulemba sankadziwa, tepi analibe. Anatambasula ulusi kuchokera kumutu kwa sitima mpaka kumbuyo, n'kudula. Wina m'mimba mwake, n'kudula. Wina wa chumuni, wina wa mlongoti, wina wa chitseko chilichonse. Pamene panali zenera ankamanga mfundo. Kunsonga kwa chingwe chilichonse anamangirira kanthu kowakumbutsa: batani, mkanda, nati, fupa la kampango. Anzawo anawaseka. "Lazaro, ukufuna ukaisokere malaya?" Iwo anakulunga zingwe zonse, naziika m'chitini, ndipo chitinicho chinakhala pa mtanda wa denga zaka makumi atatu ndi zinayi.

Chimene chinawachititsa kuchitsitsa unali uthenga wa maliro. Wogulitsa usipa wina pa Songani anawauza kuti Idi wamwalira kwawo kunyanja. Idi anali mmodzi wa oponya nkhuni aja. Alaudin, Yunusu, Abasi ndi Jacob anali atatsogola kale. Mwa anthu asanu ndi mmodzi, anatsala a Makaiko okha. Anabwerera kunyumba usipawo osagula, nakwera pa mpando, natsitsa chitini.

Njira yawo yochepetsera sitima inali ya manja, yosafuna masamu. Ankatenga chingwe, n'kuchipinda pakati. N'kupindanso. Akapinda kasanu, chotsala m'manja ndiwo unali muyeso wa chinthu chimenecho pa sitima yaing'ono. Chingwe cha utali wa Kakowa chinkayambira pa nkhokwe n'kukafika pa mtengo wa mapeyala wa kumpanda, choncho pankafunika wogwira kunsonga. Wogwirayo anali a Enifa.

"Gwirani apo, make Flora. Musasunthe."

"Anzanga ali pa mzere wa chimanga chachikasu, ine ndili pano kutambasula ulusi ngati kangaude."

"Mzere ukhalapo ndi mawa. Kokani pang'ono."

"Ndikoka. Koma ikatha mundikweze, ndikaone mwana wanga ku Blantyre."

"Ku Blantyre kulibe doko."

"Mumangenso limenelo. Si ndinu amisiri?"

Ankadandaula choncho tsiku lililonse, koma chala chawo sichinasunthe ndi kamodzi komwe.

Thupi la sitima analisema pa mtanda wa mkungudza umene unachoka pa nyumba yakale. Kakowa inali yachitsulo, choncho anaikuta ndi tizigamba ta malata todula pa zitini za mafuta ophikira amene ankagawa chaka cha chilalacho. Misomali yolumikizira zitsulo anaipanga ndi mitu ya mapini, mzeremzere, monga mmene inkakhalira. Ntchito inkayenda ndi nyengo. M'dzinja sankamata kanthu, chifukwa thabwa limamwa chinyezi n'kufufuma, guluu osagwira. Miyezi imeneyo ankakhala pakhonde akachoka kumunda, kupala tizitsulo ndi tupa, kuluka unyolo wa nangula ndi waya wa mabuleki a njinga. Mphepo ya mwera ikayamba, udzu utauma, m'pamene ankamata. Utoto ankapaka mu Seputembala, dzuwa litakula koma fumbi la kamvuluvulu lisanachuluke.

Akaiwala kanthu sankapeka. Mtundu wa utoto wa pansi pa chumuni unawathawa miyezi iwiri. Anasiya malowo osapaka, mpaka tsiku lina ataona dothi lakatondo m'mbali mwa msewu mvula itangokata, anaima nati, "Ndi uwu." Anthu amene anali nawo paulendo anaganiza kuti aona njoka.

Zinatenga zaka zitatu. Mu masika a 1995, chimanga chili pa mikukwe, Kakowa inaima pa tebulo yathunthu. Inali yakuda pansi, yoyera pamwamba, ndi mazenera ozungulira khumi ndi anayi mbali iliyonse. Chipinda cha kaputeni chinali ndi chiwongolero chotembenuka. Mabwato awiri opulumukira anapachikika pa zingwe zawo. Mulu wa nkhuni unali pamalo pake, nkhuni iliyonse yocheperapo kuposa mtengo wa machesi.

Ndipo kuseri kwa chumuni kunali chisakasa. Chinali chokula ngati mabokosi awiri a machesi, cha timatabwa tosiyana mitundu, denga lake kalata kadzimbiri kopsinjidwa ndi mwala. Chinali chopendekeka. Pa sitima yonse yosalala ija, diso linkathamangira pomwepo ngati lilime pa dzino logweruka.

Chisakasacho chinalipo ndithu pa Kakowa. Amene anamanga sitimayo kutsidya kwa nyanja anakonza chipinda cha kaputeni, cha injiniya, cha katundu, ngakhale cha nyali ndi mafuta ake. Pogona oponya nkhuni sanapaganize. Zaka zoyamba ankagona pamwamba pa mulu wa nkhuni, mvula ndi mwera zikuwapeza pomwepo. Kenako Alaudin anatola matabwa a mabokosi osweka, Jacob anapempha lata pa doko lina, onse nakhoma chisakasa motsamira chumuni, pamene pankafunda. Sitima ikamayenda ankagonamo atatuatatu. Ikaima pa doko, moto utazima, ankalowamo onse. Khomo lake linali lalifupi, ndipo chipsera cha pamphumi pa a Makaiko chinachokera pamenepo. Zingwe zake zinali zitatu, utali, m'lifupi ndi msinkhu, ndipo kunsonga kwake anamangirira kansanza kofiira kong'amba pa malaya a Idi.

M'masika omwewo kunabwera Anthony, mwana wa mlongo wawo, mphunzitsi wa mbiri yakale pa sekondale ina ya m'chigwamo. Sukuluyo inkakonza chionetsero cha mbiri ya m'dziko muno mu Julaye, ndipo kunali kudzabwera mlendo wolemekezeka wochokera ku Blantyre. Anthony anali atauza kale ahedi kuti amalume ake ali ndi chinthu chimene sichinaonekepo. Anafika ndi pepala lalikulu lokulunga. Linali pulani ya Kakowa, yojambulidwa ndi amene anaimanga, imene iye anaipeza m'buku lakale ku Zomba naikopera mosamala.

Anaitambasula pambali pa sitima, natulutsa rula. Anayeza utali, nawerengera papepala. Anayeza chumuni. Anawerenga mazenera. Kenako anavula magalasi.

"Amalume, mwachita bwanji zimenezi? Zikugwirizana zonse. Ngakhale mlongoti."

"Funsa azakhali akowa. Ndiwo anali tepi yanga."

A Enifa, amene ankatong'ola chimanga pa mphasa, anati, "Tepi yosalipidwa."

Anthony anaseka, koma maso ake anali ataima kuseri kwa chumuni. "Nanga ichi?"

"Nyumba yathu."

"Pa pulani palibe."

"Pa sitima chinalipo."

"Amalume, taonani nokha. Apa pajambulidwa popanda kanthu. Anthu awa ndiwo anaimanga, sangaiwale."

"Sanaiwale, aphunzitsi. Amaiwala ndi amene anaganizapo."

Anthony anakanda kumutu. Anali munthu wabwino mtima, ndipo ankawakonda amalume akewo. Anati akaonetsa ahedi chithunzi, amve maganizo awo. Anajambula sitimayo ndi kamera yobwereka, napita.

Anabweranso mu Juni, m'mawa wozizira, nkhungu itaphimba phiri la Malosa. Sanakhale pansi msanga.

"Komiti yaona chithunzi. Aikonda kwambiri. Akuti ikhala patsogolo penipeni, pambali pa pulani, kuti ana aziyerekeza."

"Chabwino."

"Koma akuti kachipinda kaja kachoke. Tsiku limodzi lokha. Mudzakabwezera."

A Makaiko anapitiriza kunola mpeni pa mwala.

"Amalume, mundimvetse. Ife timaphunzitsa ana kuti mbiri imafuna umboni. Umboni wake ndi pepalali. Mlendo akafunsa kuti ichi mwachitenga kuti, tidzayankha kuti chiyani? Ndiponso ahedi akuti..." Anaima.

"Akuti chiyani?"

"Akuti chikuoneka ngati khola la nkhuku. Akuti chikuipitsa ntchito yanu yomwe."

A Enifa anaseka mpaka kutsokomola. "Ahediwo ali ndi maso! Inenso ndinanena. Bambo ake Flora, mwamva? Ndinakwatiwa ndi tambala."

A Makaiko sanaseke. Anaika mpeni pansi. "Anthony, pepala lakolo likunena zoona. Tsiku limene sitima inachoka m'manja mwa amisiri inali choncho. Koma inali isanayende. Sitima imene inanyamula thonje ndi mpunga, imene inadutsa mwera wa zaka makumi atatu, ndi iyi. Ukachotsa chisakasachi, ndiuze, moto ankasonkha ndani? Inkayenda ndi mapemphero?"

"Palibe amene akukana kuti munalipo."

"Tinalipo, tinkagona kuti?"

Anthony anayang'ana pansi. "Ndinalonjeza kale, amalume. Dzina lanu lili pa pologalamu. Langanso lili pomwepo."

"Dzina langa ulifufute. La Idi mulibe, la Alaudin mulibe. Anthu asanu agona m'manda, ndipo malo amene atsala nawo pa dziko lino ndi awa, okwana zala zitatu. Iwe ukuti ndiwasamutse tsiku limodzi kuti mlendo adutse. Anatisamutsa kale mokwanira."

"Ndiye ndikanene kuti chiyani?"

"Ukanene kuti nkhuku zakana."

Patapita masiku atatu kunabwera kalata yaifupi. A Enifa ndiwo anawerenga. Komiti inathokoza, koma inati popeza sitimayo sikugwirizana ndi pulani, idzaonetsa pulani yokha. A Makaiko anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anapita kuseri kwa nyumba, nadula nsungwi imodzi ndi zikhomo zinayi.

Tsiku la chionetsero linacha ndi mwera. Mitengo ya mango inali itachita maluwa, ndipo mphepo inkawagwetsa mumsewu ngati gaga. A Makaiko anavala jekete lawo la kutchalitchi. Anayala bulangeti mu wilibala, nakhazikamo Kakowa, namanga ndi mphira. A Enifa anasenza tebulo laling'ono pamutu.

"Anakukanizani, bambo ake Flora. Mukupita kukatani?"

"Anandikaniza m'holo. Msewu si wawo."

"Akakuthamangitsani ine sindikudziwani."

"Yendani msanga, tebulo likufunika."

Anaima kunja kwa geti la sukulu, pansi pa mango, pamene amayi ankagulitsa nzimbe ndi zitumbuwa. Anakhazika sitima pa tebulo. Makolo amene ankalowa anayamba kuchedwa pa geti. Ena anawerama kusuzumira m'mazenera. Bambo wina anafunsa ngati akuigulitsa. Anamuyankha kuti ayi. Mayi wina analoza kuseri kwa chumuni nati, "Nanga kachimbudzi aka?"

Apo a Makaiko anatulutsa zingwe zitatu za kansanza kofiira. Ulendo uno sanazipinde. Anakhoma zikhomo zinayi pansi, natambasula chingwe cha utali ndi cha m'lifupi, nalemba malire m'fumbi ndi chidendene. Chingwe chachitatu anayezera msinkhu wa khomo, napempha amayi awiri a nzimbe kuti agwire nsungwi mopingasa pamenepo. Inafika pachifuwa pa munthu.

"Ndikufuna amuna asanu," anatero. "Amene saopa fumbi."

Anthu anayang'anana. Woyamba kutuluka anali wokonza njinga wa pa Songani, wamtali ngati mlongoti. Anabwera akuseka, naiwala kuwerama mokwanira, nsungwi n'kumugunda pamphumi. Gulu lonse linafa nacho chiseko.

A Makaiko analoza chipsera chawo. "Walandiridwa. Ifenso tinkalowa choncho. Iwe ndiwe Abasi, anali wamtali ngati iwe. Ugone kumapeto, upinde miyendo."

Anatsatira ena anayi. Aliyense anampatsa dzina ndi malo. "Iwe Idi, pafupi ndi chumuni, unali ndi chifuwa. Alaudin pambali pake. Yunusu, chagada sizitheka, gona chammbali. Jacob, mkono uike pamutu."

"Agogo, mwadzaza muno!" anafuula amene anatchedwa Jacob. "Uyu akundipumira m'khutu!"

"Ndiye kuti wagona bwino. Sendera. Tinali sikisi."

A Makaiko anavula nsapato, naziika pambali. Anawerama pansi pa nsungwi, maondo akulira, nagona pakhomo penipeni, jekete la kutchalitchi lili m'fumbi. Malo amene anatsala anali ochepa kuposa thabwa la benchi. Anakwanamo ndendende.

Chiseko chinayamba kuchepa. Anthu anayang'ana amuna asanu ndi mmodzi opanikizana pakati pa zikhomo, nayang'ana kachisakasa pa tebulo, nayang'ananso pansi. Mayi uja wa kachimbudzi anagwira pakamwa.

"Zaka zingati, bambo?" anafunsa wina.

"Ine khumi ndi chimodzi. Alaudin makumi awiri."

Phokoso linali litamveka m'holo. Ana a sukulu anatuluka oyamba, aphunzitsi akuwakuwira kumbuyo. Kenako anatuluka ahedi, ndi mlendo wa ku Blantyre, ndi Anthony atavala tayi. Mlendoyo anazungulira tebulo kawiri. Ahedi anayang'ana khamu limene linali kunja, nayang'ana chitseko cha holo chimene chinatsala chokha. Anakonza kukhosi.

"Bambo Makaiko, pakhala kusamvana pang'ono. Dzukani, tilowe nayo mkati. Malo alipo."

"Ndi chisakasa chake?"

"Mmene ililimu."

A Makaiko anayankha ali chigonere. "Zikomo, ahedi. Koma yakocheza kale. Sitima ikaponya nangula, okwera ndiwo amabwera pa doko. Ana anuwo abwere kuno. Ndiwauza mayina."

Mlendo anali atanjuta kale, akufunsa wokonza njinga uja ngati miyendo yachita dzanzi.

Anthony anabwerera m'holo. Anthu anaganiza kuti wakwiya. Anatuluka atanyamula pulani ija, naiyala pa tebulo pambali pa sitima. Mwera unafuna kuiulutsa. Iye anatola miyala inayi naipsinja m'makona. Kenako anaitana ana a Fomu 3.

"Bwerani pafupi. Yang'anani pepala, muyang'ane sitima. Mundiuze chimene chili apa koma apa palibe." Anaima pang'ono, osayang'ana amalume ake. "Mukachipeza, mufunse abambo agona apowo kuti n'chifukwa chiyani."

Onse anakhala pansi pa mango mpaka nzimbe zonse zinatha. A Makaiko anatchula mayina asanu aja kambirimbiri, mpaka mawu anasasa. Amuna ogona ankasinthana. Ena ankabwera kudzayesa okha ngati angakwane.

Pobwerera, wilibala inkalira m'njira ya kumtunda. Maluwa a mango anali atagwera pa sitima, ena pa denga la chisakasa. A Enifa ankayenda kumbuyo, tebulo pamutu, akuyang'ana msana wa jekete.

"Jekete limeneli muchapa nokha."

"Ndichapa."

"Lamulungu mupita nalo lofiira choncho, abusa adzafunse ngati munagwa m'dzenje."

"Ndidzawauza kuti ndinali kunyumba."

A Enifa atafika pokwera, pamene njira ili ndi miyala, anatula tebulo pansi, nadza kutsogolo kwa wilibala, naika dzanja pa chisakasa kuti chisagwedezeke.